Dizilo wanga munamuthira m'thanki ya madzi akumwa

Munthu wamkulu, wandevu zake, wovala yunifomu ya kampani, anathira dizilo m'thanki ya madzi akumwa. Madzi akumwa, abale. Pachotsekera pake palembedwa MADZI, zilembo zikuluzikulu zofiira, ndinalemba ndekha ndi penti. Ndiye nditapita kukadandaula, wakuba ndinasanduka ine.

Dzina la filing'i siteshoni yake sindilemba. Si mantha ayi. Mayi anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti ndisatchule munthu, akuti banja lomwe latulutsa sisitere silitukwana anthu pa foni. Chabwino. Sinditukwana. Ndingofotokoza mmene zinayendera, inu mutukwane nokha chamumtima.

Amene mumayenda msewu wa Golomoti kupita ku Salima mwina munaionapo galimoto yathu. Yoyera, yakale, yaing'ono, yooneka ngati minibasi yomwe inameza nyumba. Mkati muli bedi, kasinki, kampope, mbaula ya gasi ndi makatani. Bambo anaigula kwa azungu awiri okalamba omwe ankazungulira nayo maiko, giyabokosi itawafera pafupi ndi Mua. Inakhala zaka pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Bambo anaitcha Nkhono, chifukwa imasenza nyumba yake ndipo sithamangira munthu.

Nkhono ili ndi zotsekera ziwiri, zonse mbali imodzi. Chakutsogolo, pafupi ndi chitseko cha dalaivala, n'cha dizilo. Chakumbuyo n'cha madzi omwe amatuluka pampope mkati muja. Basi. Nkhani yonse ndi imeneyo. Ine sukulu ndinasiyira Fomu 1 koma zimenezi sindinafunikire satifiketi kuti ndizimvetse.

Tsopano mvetsani chomwe tinkayendera.

Achemwali anga, a Rozina, ankachita malumbiro awo otsiriza a usisitere Loweruka, kumpoto uko, kupitirira Mzuzu. Kwa inu osakhala Akatolika, limeneli ndi tsiku lomwe mtsikana amalumbira pamaso pa mpingo kuti moyo wake wonse waupereka kwa Mulungu. Makolo ake amamugwira dzanja n'kumuperekeza kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kutsogolo kwa guwa. Sizibwerezedwa. Palibe zoti tidzakonza china chaka chamawa.

Bambo anachita sitiroko chaka chatha. Mbali yakumanzere inafa. Kukhala pampando nthawi yaitali sangathe, ndiye za minibasi iwalani. Koma chibwerereni kuchipatala akhala akudzikoka ndi ndodo kuchokera pakhonde kukafika pamtengo wa mango, kupuma, kubwerera, mawa lake chimodzimodzi. Mayi akawaletsa, iwo amvekere, "Ndikuyeza tchalitchi. Mwana wanga ndikamupereka ndekha."

N'chifukwa chake ndinaidzutsa Nkhono. Ndinathamangitsa nkhuku, ndinasaka giyabokosi mpaka ku Lilongwe, ndinagona pansi pake miyezi, mafuta akundidonthera m'maso. Chifukwa cha bedi lija. Bambo akanatha kuyenda ulendo wonse ali chigonere, madzi a mankhwala ali pomwepo, phala mayi akuphikira momwemo.

Dongosolo linali losavuta. Kunyamuka Lachisanu m'mawa, kuyenda mwa Nkhono, Salima, Nkhotakota, Dwangwa, kukagona ku Nkhata Bay m'galimoto momwemo, Loweruka m'mamawa kukwera mapiri, kufika Misa isanayambe, bambo apume kaye. Nthawi inalipo yambirimbiri.

Vuto linali dizilo. Mukudziwa mmene zakhalira. Sabata yonse mapampu anali gwa. M'thanki munangotsala kodonthera pansi, ndipo geji ya Nkhono inafa azungu aja asanabwerere kwawo. Lachisanu m'mawa mnzanga wakabaza anandiimbira kuti thankala yatsitsa pa filing'i ina m'mbali mwa msewu womwewu. Ndinati amayi, kwezani katundu, tikangothira tipitirire konko. Tinawanyamula bambo n'kuwagoneka pabedi. Suti yawo tinaikoloweka pakhomo la kabati. Thumba la mpunga wa ku Bwanje, womwe mayi anapeta sabata yonse kuti akapereke kwa masisitere, tinaliika pansi pa bedi, pambali pa thanki ya madzi.

Tinapeza mzere. Dzuwa la kuchigwa kuno simukusowa kuuzidwa. Lamulo lawo linali lakuti galimoto iliyonse ilandira mlingo umodzi, zigubu ayi, ndipo ukathira amakulemba choko patayala kuti usabwerenso. Kumbukirani chokocho.

Pamzerepo anthu ankangosuzumira m'mawindo. Wina akuti ndi ambulansi. Mayi wina ataona makatani ndi munthu chigonere anachita kugwira pakamwa, "Kalanga ine, muli maliro?"

Bambo lilime limawalemera masiku ano koma nthabwala sizinawachoke. Anati, "Damiano, uwauze kuti malirowo akupereka moni."

Tinaseka. Tsiku limenelo tinasekapo pomwepo basi.

Titafika papampu, bambo anafuna kutaya madzi. Munthu wodwala sasankha nthawi. Mayi okha sangawadzutse. Ndinazimitsa injini, ndinatulutsa makiyi pawindo n'kupatsa mkulu wa papampu uja. Anali ndi timawaya m'makutu, mutu ukugwedera nyimbo.

Ndinati, "Achimwene, chotsekera chake n'chakutsogolochi. Chakumbuyocho ndi madzi, musachikhudze."

"Ndamva, bigi."

"Mwamvadi?"

"Aaa, bigi, ntchito ndi yanga iyi. Mundiphunzitsa lero?"

Ndinatseka makatani kuti bambo asaonedwe ndi mzere wonse. Cholakwa changa n'chimenecho ngati mukufuna cholakwa: kuphimba bambo anga. Ndinamva pampu ikulira, ndinamva ikusiya. Nditatuluka, zotsekera zonse zinali zotseka, choko chili kale patayala, mkulu uja dzanja lili tambalale. Ndinalipira. Am'mbuyo ankaimba mahutala. Tinanyamuka.

Titapitirira Mtakataka pang'ono, nthawi ya mapiritsi a bambo inakwana. Ndinamva kampope kakutseguka kumbuyo. Mayi ali ndi chizolowezi cholawa kaye chilichonse asanawapatse bambo, poti kumeza kumawavuta. Chizolowezi chimenecho n'chomwe chinatipulumutsa. Ndinangomva kulavula.

"Damiano, ima! Madziwa akununkha koloboyi."

"Koloboyi bwanji, amayi?"

"Ndikuti ima, taona!"

Anandisonyeza kapu. Pamwamba pa madzi pakuyandama mafuta, tiutawaleza tikuzungulira. Ndisanayankhe n'komwe, Nkhono inatsokomola, inatsokomolanso, n'kuzima pakati pa msewu.

Ndinatsika. Ndinatsegula chotsekera chakumbuyo, kununkhiza: dizilo. Ndinatsegula chakutsogolo, kulowetsa kamtengo, kanatuluka kouma ngati kachokera padzuwa. Thanki ya madzi ndinali nditaisiya theka kuti galimoto isalemere pamapiri, ndiye mkulu uja anapeza malo, anathira mpaka inasefukira. Zosefukirazo zinayenderera pansi pa bedi. Thumba la mpunga linali chinyowere.

Mayi anagwira thumba lija, ananunkhiza dzanja lawo, anakhala pansi.

Anyamata a makala omwe ankadutsa ndi njinga anandithandiza kuikankhira pamthunzi wa mtengo wa bwemba. Ndinathyola masamba n'kuika pamsewu, ndinatsegula mawindo onse, ndinakwera kabaza wanjinga yamoto kubwerera ku filing'i. Panjira ndinkadziuza kuti Damiano, ugwire mtima. Munthu amalakwitsa. Akapepesa, akupatsa dizilo pang'ono m'kachigubu woti ulize injini, zinazo udzaona bwino.

Kupepesa? Ha!

Ndinamupeza mkulu uja akugwedezabe mutu. Ndinachita kumukoka kawaya kamodzi kuti andimve.

"Achimwene, dizilo uja munathira pati?"

"Pomwe kiyi inalowa."

"Ndinakuuzani chiyani?"

"Anthu amandiuza zambiri pano, bigi. Taonani mzerewu."

"Pachotsekerapo palembedwa chiyani?"

"Madzi."

"Ndiye munawerenga?"

"Ndinawerenga. Ndimayesa ndi dzina la galimoto."

Abale, ndinayang'ana kumwamba. Dzina la galimoto. Akuti maminibasi amalembedwa zambiri, ina Chisomo, ina Musandide, ndiye iye adziwa bwanji kuti yanga si Madzi. Dzina la galimoto kulembedwa pachotsekera, ndi kamuvi koloza pabowo? Ndipo sanathere pomwepo. Akuti galimoto imamwera madzi kutsogolo, ku injini, aliyense amadziwa. Akuti chiyambireni ntchito sanaonepo munthu woyenda ndi mjigo m'galimoto. Anzake a papampu ina anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Ndinati ndionane ndi amanijala.

Amanijala anali m'kaofesi kawo, fani ikuwakupizira mphepo, akudya tchipisi cha m'jumbo ndi kamtengo. Anandiona pakhomo. Anapitiriza kudya. Anamaliza, anapukuta zala chimodzichimodzi, anayankha foni, anaseka ndi wa pafoniyo, kenako anati, "Eee, mwatani?"

Ndinafotokoza mwaulemu wonse womwe mayi anandiphunzitsa. Chipewa m'manja. Bwana uku, bwana uko. Ndili pakati, ndinaona nkhope yawo ikuwala ngati munthu watola ndalama.

"Taimani kaye. Galimoto yanuyo ili ndi mathanki angati?"

"Awiri, bwana. Ina ya dizilo, ina ya madzi."

"Awiri!" Anaimirira. "Alonda! Tabwerani mudzamve. Anthu timawasaka aja adzibweretsa okha."

Akuti amawadziwa bwino anyamata ngati ine. Timawotcherera thanki yachiwiri pansi pa galimoto, timathira kuno, timakwera msewu wa Khwekhwelere, madzulo dizilo ali ku Mozambique. Akuti lero zandivuta chifukwa wantchito wawo wathira m'thanki yobisikayo, ndiye ndabwera kudzalira kuti andidzazirenso inayo. Akuti nzeru zake n'zabwino koma ndapeza munthu wolakwika.

Thanki yobisika. Yolembedwa ndi penti yofiira. Yokhala ndi mpope ndi sinki. Wozembetsa mafuta wake ndani amene amalemba chikwangwani pathanki yake yobisika?

Ndinati bwana, m'galimotomo muli bambo anga odwala sitiroko, tikupita ku malumbiro a achemwali anga, mawa m'mawa akuyenera kukhala m'tchalitchi.

Anati, "Aliyense pamzerepa ali ndi bambo wodwala. Wina anabwera ndi bokosi la maliro, kutsegula muli zigubu. Inu mwabwera ndi sisitere. Mawa wina abwera ndi papa."

Ndinati chabwino, zoti ndani walakwa tisiye. Ndigulitseni pang'ono chabe m'kachigubu, ndilipiranso, ndingoliza injini.

"Zigubu n'zoletsedwa."

"Ndiye nditani?"

"Bweretsani galimoto."

"Galimoto ilibe mafuta, yazima kupitirira Mtakataka."

"Ilibe mafuta bwanji poti mwathira m'mawa uno?"

"Munathira m'madzi!"

"Mukaibweretsa ndiona tayala. Likakhala ndi choko, simuthira."

Mwaimva? Chigubu ayi, bweretsa galimoto. Galimoto ikabwera, choko. Munthu ameneyu amalandira malipiro mwezi ndi mwezi chifukwa choganiza chonchi. Ndipo anamaliza ndi mawu omwe sindidzawaiwala mpaka kumanda. Anakhala pansi, anatola kamtengo kake n'kuyamba kutokosa m'mano, amvekere:

"Achimwene, dizilo wanu muli naye. Watuluka m'pampu yathu, walowa m'galimoto yanu. Zoti wagona chipinda chiti, imeneyo si nkhani ya kampani."

Nthawi yomweyo maso anga anapita pawindo la kumbuyo kwawo. Kuseri kwa chimbudzi kunali zigubu zachikasu zitandandalika, anyamata akuzimangirira panjinga zamoto, wina akuthamanga ndi china pamutu. Ndinaloza.

"Nanga izo?"

Sanatembenuke n'komwe. "N'za jenereta ya kampani."

"Jenereta yanu imakwera njinga yamoto?"

"Alonda, mutulutseni uyu."

Pakhomo panali ndowa yofiira ya mchenga, yozimitsira moto ija. Ndinaimenya theche. Inagubuduka mpaka papampu, mchenga mbwee. Sindikubisa ndipo sindikupepesa, chala changa chachikulu n'chomwe chikudandaula. Amanijala anatuluka n'kuuza mzere wonse, "Mwaona? Khalidwe la mavenda limenelo." Alonda, bambo wachikulire, anandigwira pamkono n'kundinong'oneza kuti mwana wanga pita, aitana apolisi, ugona m'chitokosi bambo ako ali pamsewu.

Ndipo inu a pamzere, nanunso ndili nanu mawu. Munamva zonse. Ena mwa inu munawaona bambo ndi maso anu, munafunsa ngati ali maliro. Palibe ndi mmodzi yemwe anati amanijala, mnyamatayu akunena zoona. Chomwe ndinamva n'chakuti, "Aise, choka tithire!" Mulungu akudalitseni, mathanki anu adzaze.

Ndinabwerera chimanjamanja. Ndinapeza mayi akuwakupizira mphepo bambo ndi chivundikiro cha poto, mkati mukununkha ngati garaja. Bambo sanafunse kuti zayenda bwanji. Anaona nkhope yanga. Anangofunsa kuti, "Nthawi ili bwanji?"

Panalibe njira ina. Dizilo wathu anali m'madzi, ndiye tinayenera kumuchotsa m'madzimo. Mwayi wake amayandama pamwamba. Ndinalowa pansi pa Nkhono n'kumasula kotulutsira madzi. Anayamba kutuluka madzi, ndinawasiya apite m'dothi. Kenako zosakanikirana, zoyera ngati mkaka. Kenako dizilo. Tinatchera chilichonse chomwe chinali m'galimoto: mapoto a mayi, ketulo, beseni losambitsira bambo, ndowa. Tinaziika pamthunzi kuti zidikhe, madzi atsike pansi. Ndiye kuwengula pamwamba ndi kapu, pang'onopang'ono, kusefera pachitenje cha mayi, kuthira m'thanki yake yeniyeni. Kapu ndi kapu. Mayi, munthu woimba kwaya ya Chilatini ku Mua ali mtsikana, atagwada m'fumbi m'mbali mwa msewu, manja ali noninoni, akusefa dizilo ngati akusefa thobwa. Maminibasi ankachepetsa liwiro kuti anthu aonere bwino.

Wambiri anatayika. Wina anapita ndi madzi, wina tinamusiya dala poopa kuthira madzi mu injini. Kenako kupopa kuti mpweya uchoke m'mapaipi, kuliza, kukana, kupopanso, kuliza, batire n'kufooka. Anatikankha ndi anthu ochokera kumunda. Pomwe Nkhono inkalira, dzuwa linali litapendekera kale kumapiri a Dedza. Tsiku lonse lomwe tinasungira ulendo linathera pansi pa bwemba.

Magetsi a Nkhono ndi a nthawi ya azungu aja, amaunika ngati tochi ya mabatire otha. Maenje a msewu wakunyanja mukuwadziwa, ndipo munthu wa sitiroko sungamudumphitse m'maenje mumdima. Tinagona ku Nkhotakota m'malo mwa Nkhata Bay. Fungo linawadwalitsa mutu bambo, phala anakana. M'mamawa tinanyamuka kusanayere bwino. Ku Dwangwa ndinagula dizilo wa m'zigubu kwa mavenda enieni, pamtengo woti ukaumva umakhala pansi. Mwina anali yemwe uja wa jenereta, ndani akudziwa.

Titayamba kukwera mapiri kuchoka ku Nkhata Bay, timadzi tomwe tinatsalira m'mafuta tinayamba kulankhula. Nkhono ikakwera pang'ono, kutsokomola, mphamvu n'kutha. Ndiime, mwala kutayala, nditsegule sefa, ndikhetse madzi, ndipope, tiyende. Pang'ono, chimodzimodzi. Foni ya mayi inalira. Anali sisitere wamkulu wa kumeneko.

"Amayi a Rozina, muli pati? Anthu alowa kale. Ambuye episikopi sangadikire."

Mayi, omwe sindinawamvepo akunama, anati, "Tayandikira, sisitere. Tayandikira kwambiri."

Titaima kachitatu kapena kachinayi, kaya, bambo anati tiwaveke suti pomwepo kuti tisakataye nthawi pofika. Tinawaveka m'mbali mwa msewu, magalimoto a matabwa akudutsa. Malaya, tayi, jekete, nsapato zomwe ndinapolisha Lachinayi. Anagonanso pabedi atavala chonchi, ndodo ataigwira pachifuwa. Msewu wonse wotsalawo ankapemphera chamumtima. Ndikayang'ana pagalasi ndinkangoona milomo ikuyenda.

Tisanalowe n'komwe pageti tinamva nthungululu. Ng'oma, kwaya, anthu akutuluka m'tchalitchi akuvina, atsikana ovala zoyera patsogolo, amayi akuyala zitenje pansi. Ndinazimitsa injini.

Bambo anati, "Zatha?"

Zinali zitathadi.

A Rozina anaperekezedwa ndi bambo wina wa mpingo wa kumeneko pamodzi ndi akazi awo. Anthu abwino, anangopemphedwa pakhomo, sindikuwada. Koma pazithunzi zonse za tsiku limenelo, wagwira dzanja la achemwali anga ndi munthu yemwe dzina lake sitikulidziwa.

Achemwali anationa ali pakati pa anthu. Anasiya onse, anathamanga, zovala zoyera mbee, mphete yatsopano kuchala. Anakwera mu Nkhono, anagwada pakampata ka pakati pa bedi ndi sinki, pomwe panali ponyowa ndi dizilo.

"Ababa."

"Sisitere," anatero bambo. Aka kanali koyamba kuwaitana choncho.

"Ndinayang'ana pakhomo mpaka anandikoka, ababa."

"Ndidzutseni."

Mayi anati bambo ake Rozina, mwatopa, zatha kale, pumani. Iwo anati ndidzutseni. Tinawatsitsa. Tinayenda nawo mpaka pakhomo la tchalitchi. Mkati munalibe anthu, onse anali ku chakudya. Munali amayi awiri akusesa maluwa ndi mnyamata wa kwaya akukulunga mawaya. Bambo ali ndi dzanja limodzi logwira ntchito, ndipo linali ndi ndodo. Anaiyang'ana ndodo ija, anandipatsa ine, n'kugwira dzanja la a Rozina.

Anayenda. Phazi lamanja kutsogolo, lamanzere kulikoka. Kupuma. Phazi lamanja, kukoka. Tchalitchi chake n'chachitali kuposa pakhonde ndi pamango, anayeza mopereweza. Amayi osesa aja anaimika matsache. Ine ndinkabwera m'mbuyo manja ali okonzeka, koma sanagwe. Suti yonse ikununkha dizilo, mawondo a mkanjo wa achemwali ali ndi zigamba ziwiri zamafuta. Atafika kutsogolo kwa guwa anaima, anapuma nthawi yaitali, anayang'ana pamtanda. Panalibe episikopi, panalibe wansembe, makandulo anali atazimitsidwa kale.

Anati, "Ndachedwa. Koma mwana uja ndi uyu."

Tsono musayambe kundilembera kuti aaa, zinatha bwino, Mulungu ndi wabwino. Mulungu ndi wabwino, inde, koma sizinathe bwino. Munthu anayeserera chaka chathunthu kuti ayende pamaso pa mpingo, kwaya ikuimba, mkazi wake ali pambali. Anayenda pamaso pa matsache. Chibwerereni sanapitenso kumtengo wa mango. Ndodo ili pakona. Ndikawauza kuti ababa tiyeni tiyendeko, amati tikayeze chiyani.

Ndiye eni ake a filing'i imeneyo, ngati uthengawu ukufikani, ndili ndi mafunso. Munthu wa papampu mumamulemba ntchito kuti azimvera nyimbo kapena makasitomala? Akathira polakwika, malamulo anu amati chiyani, kapena amangoti itanani alonda? Choko chija chimagwira matayala a anthu osauka okha, zigubu za kuseri kwa chimbudzi sichizigwira? Ndipo mawu oti pepani mumagulitsa pa lita, kuti mwina tsiku limenelo anali atatha?

Kwa anzanga oyenda ndi galimoto yomwe anthu sanaizolowere, kaya ndi yakale, kaya ndi yachilendo: musapereke makiyi pawindo. Tsikani. Tsegulani nokha chotsekera, gwirani paipi ndi dzanja lanu mpaka ilowe pabowo loyenera. Akakuuzani kuti ntchito ndi yanga iyi, bigi, m'pamene muyenera kuimirira pafupi kwambiri. Kulemba sikuthandiza. Amawerenga, koma amayesa ndi dzina.

Thanki ija ndatsuka ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu, ndi madzi otentha. Ikununkhabe. Mpunga tinathira nkhuku, nazo zinaununkhiza n'kuchokapo. Mapoto mayi anakwecha mpaka manja kusupuka, phala likumvekabe koloboyi.

Amanijala, munanena zoona pa chinthu chimodzi: dizilo wanga ndili naye. Akadali m'chipinda chomwe munamugoneka. Ndalama sindikufuna. Ndikufuna mubwere kwathu, funsani aliyense pa Golomoti kuti Nkhono imagona pati, akulozerani. Mudzakhale pakhonde, muwayang'ane bambo anga m'maso, muwauze kuti ndi venda wa mafuta ndipo mwana wawo wa sisitere ndi nkhani yopeka. Mukamaliza, ife ndi anthu aulemu, mlendo sachoka pakhomo pathu kukhosi kuli gwa. Mayi adzakuphikirani tiyi. Madzi ake ndikatunga ndekha, pampope wa Nkhono.